Kulikonse Mungasankhe

Lolemba, pa 1 Sepitembala

Zatsimikizika. Depoti yathu ikutsekedwa kumapeto kwa mwezi uno. Bwana anatiuza ataimirira, ngati wolengeza maliro a munthu amene sankamudziwa. Alonda ndi onyamula matumba, ntchito yatha. Awirife, ine ndi Sikelo, kalaliki woyeza matumba, akutisamutsa. Malo ndi awiri: depoti ya kumapiri ndi depoti ya kuchigwa. Wina uku, wina uko. Poti wamkulu pa ntchito ndine, ndiyambe ineyo kusankha. Yankho lifike pa 19.

Zaka zonsezi ndikuyeza chinyezi cha chimanga cha kampani ino, palibe thumba ngakhale limodzi limene linachitapo chuku m'manja mwanga. Zikomo wake ndi ameneyu.

Sikelo akungoseka. "A Zanyengo, mwaipeza ntchito yanu. Tiyezereni mitambo." Dzinali anandipatsa ndi iyeyu chifukwa ndimayenda ndi ambulera ngakhale kumwamba kuli mbee. Tsiku lomwe mvula imawapeza panjira palibe amaseka.

Kunyumba ndinawafotokozera amake Kadona. Anali pa makina, akusoka mayunifomu a sukulu. Phazi silinachoke pa chopondera. "Kulikonse mungasankhe, bambo a Kadona." Basi. Mwayi wanga ndi umenewo, si mkazi wa makani.

Nkhawa ndi Kadona. Mphumu. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, chifuwa cholira ngati wenzulo. Malo sindisankha ine, chisankha ndi chifuwa chimenechi. Ndikalakwitsa, wobanika ndi iye.

Lachitatu, pa 3 Sepitembala

M'mawa wonse pamzere kuchipatala, pofuna funso limodzi. Adokotala osandiyang'ana n'komwe: "Mphumu imadana ndi kuzizira, chinyezi, fumbi ndi utsi." Kumapiri kuzizira ndi chinyezi. Kuchigwa fumbi. Kuno utsi. Ndiye tikakhale kumwezi? Ndinafunsa kuti choipitsitsa n'chiti. "Zimatengera mwana wake." Zaka zonse zija ku koleji n'kukaphunzira mawu oti zimatengera. Ine nditauza bwana kuti chimanga kuuma zimatengera, angandichotse tsiku lomwelo.

Magazi anga anayezanso. Akuthamanga ngati kale. Mapiritsi omwe aja.

Masana ndinaimbira oyang'anira nkhokwe a mbali zonse ziwiri. Wa kumapiri: "Kuno, achimwene, mukachapa Lolemba muvala Lachisanu." Wa kuchigwa: "Kuno nkhuku zimaikira mazira owiritsa kale." Aliyense nthabwala. Palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti kwawoko mvula imagwa miyezi ingati. Munthu kukhala pamalo osadziwa mpweya umene akupuma.

Ndipita ndekha ndikaone. Nditenga kamita kamene timapachika m'nkhokwe, koyeza chinyezi cha mumpweya. Khoma silinama ngati mwini nyumba.

Loweruka, pa 6 Sepitembala

Kumapiri. Basi kukwera mokhotakhota, makutu kutsekeka. Masanasana koma nkhungu ili pansi, anthu akutulukira ngati mizukwa, aliyense manja m'khwapa.

Ndilembe zoona. Malowa ndawakonda. Mitengo. Madzi pampopi tsiku lonse, ozizira mpaka mano kuwawa. Masamba pamsika otchipa, mulu ngati akutaya. Sukulu pafupi ndi depoti, chipatala chachikulu kuseri kwa msika. Mutu wanga, umene umandigunda tsiku ndi tsiku, lero zii. Ndinakhala pa benchi ya pa siteji ndikungopuma. Sindikumbukira kuti ndinapuma chonchi liti.

Koma nyumba. Mwini wake wapaka penti watsopano, fungo lili guu. Ndinakankha kabati. Kuseri kwake khoma lakuda bii, lonyowa ngati mphuno ya galu. Ndinapachika kamita pa msomali, muvi wake n'kuthamangira kumapeto. Mwini nyumba, mkulu wa chipewa chaubweya: "Kodi bambo, mukufuna pogona kapena mukugula khoma?" Nyumba yachiwiri khoma labwinoko pang'ono, koma muvi chimodzimodzi. Yachitatu sindinalowe, fungo linandilandirira pakhomo.

Woyang'anira nkhokwe anandionetsa nsapato zake zabwino za ku ukwati. Zamera ubweya wobiriwira. Akuti nyengo ya mvumbi dzuwa limatha sabata osaoneka.

Pa siteji ndinamvetsera ana. Ambiri akutsokomola. Mwina ndi ine amene ndimamva chifuwa paliponse.

Ndikanakhala ndekha, bwenzi nditasaina lero lomwe.

Lachiwiri, pa 9 Sepitembala

Dzulo m'mawa Kadona anabanika. Mapewa kukwera, maso kutong'oka, kundigwira malaya. Tinamupopera mankhwala mkamwa, patapita nthawi kunatseguka. Sukulu sanapite. Nyumba inonso ndi yachinyezi, ndipo utsi wa mbaula za aneba umalowera pa zenera la kuchipinda kwake. Ndakhala ndikunena. Mwina kusamukaku ndi mwayi wobisala.

Amake ndinawafotokozera zonse za kumapiri, khoma, nsapato, nkhungu. Mapini ali pakamwa. Atawachotsa: "Mukapita kumeneko mudzafuna majuzi ochindikala. Amene muli nawowa ndi masanje." Za majuzi! Ine ndikukamba za mapapo a mwana.

Podutsa pa shopu yawo ndinapeza kutsogolo apaka penti, chikwangwani alembanso. Kumapeto kwa mwezi tikunyamuka, iwo akukongoletsera mwini nyumba. Nditafunsa: "Khoma linada." Mkatimo makina achiwiri, agula kwa telala wokalamba uja wasiya ntchito chifukwa cha maso. Ati anali otchipa. Otchipa pogula, nanga pa lole? Kampani imalipira katundu wochepa, wotsalawo ndi thumba langa. Sindinakangane nawo. Anthu ena saona patali.

Ulendo woyamba umene kampani inatisamutsa, makina awo tinagulitsa, sanakwane pa galimoto. Wachiwiri anayambiranso pakhonde, miyezi yambiri opanda kasitomala. Koma onani lero, shopu, mayunifomu a sukulu yonse. Amazolowera msanga. Kumeneko adzazoloweranso.

Loweruka, pa 13 Sepitembala

Kuchigwa. Basi ikutsika, mpweya ukulowa pa zenera ngati wochokera mu uvuni. Malaya kumata pamsana tisanafike. Mbuzi zonse pansi pa magalimoto oima. Agalu osauwa, mphamvu zake azitenge kuti.

Madzi a pampopi amatuluka m'mawa okha. A pa mjigo ndi amchere, sopo sachita thovu. Magetsi amabwera akafuna. Dzuwa likamalowa udzudzu umayamba ntchito, woyang'anira nkhokwe akuti malungo kuno ndi ngati moni. Chipatala ndi zipinda ziwiri ndi khonde. Ndinafunsa namwino ngati ali ndi makina othandiza kupuma. Anandiyang'ana ngati ndafunsa ndege. Chachikulu chili kutali, ulendo wa theka la tsiku msewu ukakhala bwino.

Fumbi lilipo, koma lolemera, la mchenga, silikhalitsa m'mwamba.

Ndipo kamita. Ndinakapachika m'nyumba ina ya zipinda zitatu, kuseri kwa depoti, ya mtengo waukulu pabwalo. Muvi sunasunthe n'komwe. Kouma gwa. Makoma oyera mpaka pansi, kuseri kwa kabati kangaude yekha. Woyang'anira nkhokwe uja anaitana mwana wake wamkazi, wonenepa, wothamanga. Akuti kwawo ankagonekedwa m'chipatala mwezi ndi mwezi ndi mphumu. Chibwerereni kuno, ngakhale kamodzi. Ndinamuuza apume mozama, ndinaika khutu pamsana pake. Mbee. Bambo ake kuseka: "Anatiuza kuti kukubwera woyeza chimanga, osati dokotala."

Ine mutu ngati wina akukhoma misomali. Mapazi otupa, nsapato ndinavula m'basi. Ndipo akuti kutentha kwenikweni sikunayambe, uku n'kuwotha chabe.

Chipinda chapakati chingakhale cha Kadona. Zenera lake lili kumthunzi. Makina angakhale pakhonde.

Lolemba, pa 15 Sepitembala

Sikelo akundizungulira ngati ntchentche. "Akulu, mitambo yati bwanji? Zengerezu adalinda kwaukwau." Iye wayamba kale kugulitsa mipando, osadziwa n'komwe kumene akupita. Akuti: "Ine kulikonse, bola botolo likhale lozizira." Anthu otere sadwala mutu, ndipo amakhalitsa.

Pa chakudya chamasana ndinamufotokozera zonse, za kuchigwa ndi za kumapiri, ngati chitsiru. Madzi a kumapiri, masamba otchipa, chipatala, mtengo wa lendi, ngakhale nyumba yomwe khoma lake n'labwinoko. Ndalama za basi zanga, mapazi otupa anga, iye kungotchera khutu akutafuna.

Bwana podutsa: "Lachisanu, a Zanyengo. Kulikulu sadikira mvula."

Ndikayeza uku, ndikayeza uko. Kumapiri: chipatala chilipo, koma mwana azidzapitako kawirikawiri. Kuchigwa: chipatala chenicheni kulibe, koma mwina sadzachifuna. Mwina. Mawu amenewa ndimadana nawo. Chimanga chikauma chauma, chilibe mwina.

Lachitatu, pa 17 Sepitembala

Lero ndinapita ku shopu dala, ndinakhala pa mpando wa makasitomala. Ndinati tikambirane ngati anthu akuluakulu. Kozizira kapena kotentha?

Anaimitsa makina. "Thupi ndi lanu, bambo a Kadona, mukulidziwa ndinu. Kotenthako mudzavutika ndi magazi anuwo."

Ndinati za ine zisiyeni, nanga mwana?

"Mwana musamudere nkhawa."

Ndisamudere nkhawa! Ndikapanda kuda nkhawa ine, m'nyumba muno adzada ndani? Ndinawauza choncho, mwina mokweza. Anandiyang'ana nthawi yaitali, tepi ili m'khosi, pakamwa potsegula pang'ono ngati pali china. "Bambo a Kadona," anatero. Pomwepo kunalowa mayi wina ndi ana awiri odzayesa mayunifomu, phokoso, uyu yamuthina, uyu yatalika. Ndinadikira pang'ono, kenako ndinanyamuka. Madzulo sanayambitsenso, inenso sindinafunse. Ndinali kuyerekeza mtengo wa fani.

Katundu yense wa banja lino ali pamutu panga ndekha. Winayo akungoti kulikonse.

Lachisanu, pa 19 Sepitembala

Ndasaina. Kuchigwa.

Benchi ya pa siteji ya kumapiri ija inandibwerera m'maso. Basi, bambo ndi ameneyo, amadya zotsala. Kadona akadzakula, akuthamanga osabanika, sadzadziwa n'komwe. Palibe kanthu.

Sikelo anavina pakati pa nkhokwe, onyamula matumba akumuombera m'manja, anthu oti ntchito yawathera. "A Zanyengo, Mulungu akudalitseni! Ndikakutumizirani nkhungu mu envelopu." Waimbira kale mwini nyumba ya khoma labwinoko ija. Nambala ndinamupatsa ndine.

Ndagula fani. Ndalipira lendi ya nyumba ya zipinda zitatu, miyezi iwiri, kuti wina asailowe.

Amake Kadona nditawauza anatseka maso kanthawi. "Mwasaina kale?" Ndinati inde. Anatenga tepi n'kundiyeza mapewa, akuti andisokere malaya opepuka. Anatulutsanso neti yatsopano, imodzi. Ndinati imodzi ikwanira bwanji? Iwo anangopitiriza kulemba miyezo. Ena tikagula komweko.

Lachinayi, pa 25 Sepitembala

Dzulo sindinalembe. Sindikanatha.

Dzulolo m'mawa ndinapita kusukulu kukatenga kalata yosamutsira Kadona. Mphunzitsi wamkulu kudabwa. "Kusamuka? Amayi ake alipira mpaka chaka chithe. Ndipo sabata yatha tawapatsa oda ya mayunifomu a chaka chamawa, ya sukulu ino ndi ya anzathu kutsidyaku. Mwina mwasokoneza, bambo." Ndinaseka nawo. Ndinati inde, ndasokoneza.

Ku shopu ndinapeza mtsikana wachilendo pa makina achiwiri aja. Wolembedwa ntchito. Amake Kadona anamutuma kukagula ulusi, natseka chitseko.

Ndilembe monga ananenera, poti kulemba zolondola ndiye ntchito yanga.

"Ine sindikupita, bambo a Kadona. Mwananso sakupita."

Ndinati mwayamba liti maganizo amenewa? Bwanji osanena?

"Chiyambire nkhaniyi, munandimvapo ndikunena kuti tikapita? Ndakhala ndikuti mukapita. Mukasankha. Mudzafuna majuzi. Inu mumamva muvi wa kamita kanu ukasuntha pang'ono, koma mu ndi ti simusiyanitsa."

Ndinati umenewo ndi ukathyali, munthu amanena poyera.

"Ukathyali ndavomera. Ndinkaopa. Mukayamba kufotokoza simusiya mpata, ndimatha n'kuvomera chifukwa chotopa. Kawiri konse ndavomera choncho. Munandifunsa kuti kozizira kapena kotentha. Munafunsa adokotala, munafunsa makoma, mpaka mwana wa eni munamuika khutu pamsana. Ine simunandifunse ngati ndikupita."

Ndinati ndasankha ng'anjo ija chifukwa cha mwana. Chifukwa cha mwana!

"Kumalo kopanda chipatala? Munanena nokha kuti namwino anakudabwani. Kuno akabanika ndimamubereka, ndisanatope ndafika. Kumeneko ndidzamubereka theka la tsiku? Ndinakuuzani kuti kotentha mudzavutika. Ndinakuuzani kuti mwana musamudere nkhawa. Ndimati mwina musankha kumapiri, kumene munabwerako nkhope ili yowala."

Ndiye kuti ankandisankhira kumapiri. Mwaulemu, mozungulira, mapini ali pakamwa. Mawu amodzi okha, Lachitatu lija, akanakwana. Mayi wa mayunifomu othina akanadikira.

Akuti banja silinathe. Akuti ndizibwera pa tchuthi, iwonso azibwera sukulu ikatsekera. Akuti amuna ambiri amakhala choncho. Ine si amuna ambiri.

Lachisanu, pa 26 Sepitembala

Kwa bwana. Ndinavula ulemu wonse, ndinapempha kusintha. "Mapepala apita kale kulikulu. Munali ndi masabata atatu, a Zanyengo, ndipo munayamba ndinu kusankha. Mukagwirizana ndi mnzanuyo, mwina ndingayese."

Kwa Sikelo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, osaseka, zomwe zinandipweteka kuposa kuseka. "Akulu, pepani. Koma inu nomwe munandiuza kuti kuchigwa madzi ndi amchere, magetsi kulibe, udzudzu ngati mbalame. Ndikanapanda kudziwa bwenzi nditavomera. Munafufuza bwino kwambiri."

Ndinafufuza bwino kwambiri.

Kusiya ntchito? Pa msinkhu uno, ndi satifiketi yoyeza chimanga, m'tauni momwe depoti yokhayo ikutsekedwa? Ndizikakhala pa mpando wa makasitomala, ndikudulira mkazi ulusi?

Mwini nyumba wa kuchigwa akuti lendi sibwezedwa.

Lachiwiri, pa 30 Sepitembala

Lole yabwera yaikulu, monga ndinaitanitsira. Katundu: bedi laling'ono, matiresi, tebulo, mpando, fani, masutikesi awiri, ambulera. Zonse pakona imodzi. Dalaivala: "Bwana, zatha? Izi bwenzi titangomanga pa njinga."

Malaya atatu opepuka, osokedwa bwino, ulusi wosaoneka. Neti imodzi ija. Mapiritsi a magazi andiikira m'thumba la pamwamba kuti ndisavutike kufuna. Zonse anakonza kalekale, ine ndili kalikiliki kuyeza makoma.

Kadona amuuza kuti adadi akupita kukagwira ntchito, azibwera. Sanalire. Anafunsa ngati kumeneko kuli nkhuku zoikira mazira owiritsa. Ndinamuuzapo nthabwala ija, ndinaiwala. Ndinamusonyezanso kagwiridwe ka mankhwala opopera, ngakhale amadziwa kuposa ine. Ndinauza amake kuti zenera la kuchipinda kwake lizitsekedwa aneba akayatsa mbaula. "Ndimatseka tsiku lililonse, bambo a Kadona. Mukafike bwino."

Mukafike. Tsopano ndikumva.

Lamulungu, pa 12 Okutobala

Kutentha kwenikweni kwafika. Magetsi kulibe chiyambire Lachinayi, fani yangoima pakona ikundiyang'ana. Mapazi salowa mu nsapato, ku depoti ndimapita ndi patapata. Chimanga cha kuno n'chouma kale chikamabwera, ntchito yanga ndi kulemba kuti chauma. Zipinda ziwiri ndatseka. Chapakati chija, cha zenera la kumthunzi, ndaikamo sutikesi.

Sikelo watumiza chithunzi. Wavala juzi, kapu ya tiyi m'manja, kumbuyo kwake nkhungu. Sindinayankhe.

Masana ndinaimba foni kunyumba. Amake akuti oda yayamba, mtsikana uja ndi wa manja abwino. Kadona anabanikako Lachisanu, pang'ono, kuchipatala sanachedweko. Ndinafuna kunena za mpweya wa kuno. Ndinameza.

Kenako anampatsa foni. Kupuma kwake ndimakumva, kawenzulo kaja chapansipansi.

"Adadi, kwanuko kukutentha?"

Kwanuko.

Ndinati eya, mwanangu, kukutentha. Anati kwathu kuno kwachita mitambo, mwina kugwa mvula, ndipo ambulera mwapita nayo inu.

Kamita kali pa msomali. Muvi uli pomwe unali. Mpweya wouma bwino, woyenera mwana wa mphumu. Sindinalakwitse. Pa zonse zimene ndinayeza, palibe ndi chimodzi chomwe chimene ndinalakwitsa.